Kutchuka kwa katswiri si matumba a chimanga

Chaka chilichonse, cha m'ma Seputembala kapena Okutobala, pamene alimi ali kalikiriki kusosa ndi kuunga mizere, kumatuluka mndandanda wa akatswiri a sayansi amene akuti ndi otchuka kwambiri pa dziko lonse. Amene amausonkhanitsa ndi John Ioannidis wa ku yunivesite ya Stanford ku America pamodzi ndi anzake, pogwiritsa ntchito kaundula wa kampani yosindikiza zolemba za akatswiri ya Elsevier. Mndandandawu unayamba kutuluka mu 2019, ndipo umatenga akatswiri awiri pa 100 alionse m'gawo lililonse la maphunziro. Ukangotuluka, sukulu zaukachenjede zambiri, za muno mu Africa zomwe, zimathamangira pa Facebook ndi m'nyuzipepala kulengeza kuti mphunzitsi wawo wakutiwakuti walowa nawo.

Mlimi wa ku Thondwe kapena ku Mkanda angafunse kuti nanga izi zikundikhudza pati. Zikukukhudzani kudzera pa feteleza. Pamene ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP inkayamba mu 2020, mlimi ankapereka K4,495 pa thumba, koma pofika 2022 ankapereka K15,000 ndipo chiwerengero cha opindula chinatsika. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa thumba kusitolo unapitiriza kukwera mpaka kudutsa K100,000. Mu Meyi 2024 atsogoleri a maiko a mu Africa anakumana ku Nairobi pa nkhani ya feteleza ndi thanzi la nthaka, nalonjeza kubwezeretsa chonde pa 30 peresenti ya nthaka yoguga pofika 2034. Chotsatira chake n'chakuti m'midzi mwachuluka alendo obwera ndi njira zobwezeretsera chonde. Ena akuti mitengo, ena manyowa, ena kuphimbira, ena mbewu za gulu la nyemba. Koma pafupifupi onse amanena mawu amodzimodzi, akuti njirayi inatsimikizika ndi akatswiri odziwika. Ndiye ndi bwino tidziwe kuti kudziwikako amakuyeza bwanji, ndipo kumatiuza chiyani za munda wathu.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Katswiri akamaliza kafukufuku amalemba lipoti n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri anzake. Ena awiri kapena atatu amaliwerenga, kuloza zolakwika, ndipo likakonzedwa limasindikizidwa. Pambuyo pake wofufuza wina akamalemba lake, amatchula kumapeto malipoti onse amene watsamirapo. Kutchulidwa kumeneko ndiko kumawerengedwa, monga momwe mlembi wa kalabu amachongera mayina a obwera kumsonkhano. Makina a pa intaneti monga Google Scholar, amene anayamba mu 2004, amawonkhetsa okha. Mu 2005 Jorge Hirsch, katswiri wa ku San Diego, anabweretsa muyezo wotchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 30 ndiye kuti ali ndi malipoti 30 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 30. Masiku ano nambala zoterezi zimathandiza kugamula amene akwezedwe pantchito, amene apatsidwe ndalama za kafukufuku, ndi amene aitanidwe kukalangiza maboma ndi mabungwe.

Tsono taonani amene akuchonga. Ndi akatswiri okhaokha, olemba m'Chingerezi, ambiri a iwo ali kutali ndi kuno. Mlimi akabzala mitengo 500 chifukwa cha lipoti lina n'kudyetsa banja lake zaka khumi, pa nambala ija sipawonjezeka kanthu. Akaibzala n'kulephera, sipachokanso kanthu.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni titenge katswiri mmodzi amene ntchito yake inachitikira m'minda yathu ino. Gudeta Sileshi ndi wa ku Ethiopia. Anaphunzira za tizilombo ndi momwe timakhalirana ndi zomera, ndipo anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe lofufuza za ulimi wa mitengo la ICRAF, poyamba ku Chipata m'dziko la Zambia, kenako ku Lilongwe. Walemba malipoti oposa 100, ena payekha, ambiri ndi anzake: za kachilombo kodya masamba a jelejele, za chiswe ndi ziulu, za msangu, za kayezedwe ka mitengo m'nkhalango. Sindinamusankhe chifukwa ali ndi mlandu, ayi. Ntchito yake ndi yolimba, ndipo n'chifukwa chake ndi chitsanzo chabwino. Ngati kusiyana pakati pa kutchuka ndi nkhokwe kukuoneka ngakhale pa katswiri weniweni, ndiye kuti vuto lili m'muyezo.

Maziko a nkhaniyi ali ku Makoka, malo ofufuzira zaulimi a boma ku Zomba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza a ICRAF ndi a boma anayamba kuyesa kubzala mtengo wa gliricidia pamodzi ndi chimanga m'munda umodzi. Ku Msekera, ku Chipata, anzawo motsogozedwa ndi Freddie Kwesiga ankayesa njira ina, yogoneka munda zaka ziwiri kapena zitatu pansi pa jelejele. Koma kuchigawo chakummwera kwa Malawi, banja la ekala imodzi silingagoneke munda. Lidya chiyani? Gliricidia anasankhidwa chifukwa ukamudula amaphukanso, kotero amakhala m'mundamo chimanga chikulimidwa chaka ndi chaka, ndipo masamba ake amakwiriridwa m'mizere n'kusanduka chakudya cha mbewu. Mu 2006 Festus Akinnifesi ndi anzake anasindikiza zotsatira za zaka zoposa khumi, zoonetsa kuti masamba a gliricidia anachulukitsa zokolola katatu poyerekeza ndi chimanga cholimidwa chokha popanda feteleza. Ziwerengero zimene ICRAF inafalitsa za munda umenewu ndi matani 3.7 pa hekitala, pamene munda wopanda mitengo ndi feteleza unkatulutsa cha m'ma tani imodzi. M'chiyankhulo chathu, ndi matumba a makilogalamu 50 okwana 30 pa ekala, kuyerekeza ndi matumba 8 kapena 9.

Komatu Makoka ndi malo amodzi, okhala ndi mpanda, antchito olipidwa ndi wolemba zonse m'buku. Funso linali lakuti, nanga kwina? Apa ndi pamene Sileshi anachita ntchito imene inamudziwikitsa kwambiri pa nkhani ya chonde. Mu 2008, iye pamodzi ndi Akinnifesi, Oluyede Ajayi ndi Frank Place anasonkhanitsa malipoti 94 ochokera kuzambwe, kuvuma ndi kummwera kwa Africa, n'kuwonkhetsa zotsatira zake zonse. Anapeza kuti poyerekeza ndi chimanga chosathiridwa kanthu, feteleza wokwanira ankawonjezera matani 2.3 pa hekitala, mitengo yophukanso ikadulidwa monga gliricidia inkawonjezera matani 1.6, mitengo yosaphukanso monga jelejele ndi ombwe matani 1.3, zomera zoyanga monga kalongonda matani 0.8, pamene kungogoneka munda kuti umere tchire kunkawonjezera matani 0.3 okha. Pa ekala, ndiye kuti feteleza ankawonjezera matumba pafupifupi 19, gliricidia 13, jelejele ndi ombwe 10, kalongonda 6, tchire awiri. Anapezanso kuti kuthira theka la feteleza wovomerezeka m'munda umene munali zomera zimenezi kunkakweza zokolola ndi 25 peresenti kapena kuposa.

Lipoti limeneli latchulidwa maulendo mazana angapo, ndipo tisaname, likuyenera. Munda wachitsanzo umodzi ungathe kuchita bwino mwamwayi, chifukwa unaikidwa pa chulu chakale kapena pamene panali khola. Malipoti 94 onse sangagwere pa chulu. Mlimi akamva kuti njira ina yayesedwa m'malo ambiri ndi anthu osiyanasiyana, ndipo ena abwerezanso n'kupeza zofanana, ali ndi chifukwa chomveka choyikhulupirira kuposa mankhwala a m'botolo lopanda dzina ogulitsidwa pa tsiku la msika. Kutchulidwa kambiri kumasonyeza kuti lipotilo lawerengedwa ndi maso ambiri, ndipo bodza lamkunkhuniza silikhalitsa pamene pali maso ambiri. Phindu la muyezowu ndi limenelo, ndipo silochepa.

Koma werengani lipoti lomwelo mpaka pansi. Likunena kuti mitengo yophukanso inachulukitsa zokolola kawiri kapena kuposa pa 67 peresenti ya maulendo amene inayesedwa. Kutanthauza kuti pa minda itatu iliyonse, umodzi sunafike pamenepo. Pa jelejele ndi ombwe inali 45 peresenti, pa zoyanga 16 peresenti. Likunenanso kuti kuchuluka kotereku kunkachitika m'minda imene zokolola zake zinali kale zotsika kapena zapakatikati, osati m'minda yachonde kale. Olembawo sanabise zimenezi. Zimangotayika panjira. Wina akamatchula lipotilo amatenga chiganizo chimodzi, wolemba pempho la ndalama amatenga theka la chiganizocho, ndipo pofika pansi pa mtengo wa mango pamene mudzi wasonkhana, chatsala n'chakuti mitengoyi imachulukitsa chimanga katatu.

Palinso nkhani ya nambala yapakatikati, imene akatswiri amaikonda kwambiri. Tiyerekeze alimi awiri. Mmodzi wapindula matumba 20, wina sanapindule ngakhale thumba limodzi. Wofufuza akaphatikiza n'kugawa pawiri, alemba kuti mlimi amapindula matumba 10. Sananame, koma palibe amene anasenza matumba 10 kupita nawo kunyumba. Boma likamakonza ndondomeko ya dziko lonse, nambala yapakatikati imalithandiza. Inu muli ndi munda umodzi, ndipo chimene mukufuna kudziwa n'chakuti mugwera mbali iti.

Funso limeneli linadzabuka kuno konkuno. Kuyambira 2007, ICRAF inayendetsa ndondomeko yaikulu yofalitsa mitengo yobwezeretsa chonde m'Malawi ndi thandizo la dziko la Ireland, ndipo cholinga chinali kufikira mabanja 200,000. Pambuyo pake akatswiri atatu a bungwe lomwelo, Richard Coe, Joyce Njoloma ndi Fergus Sinclair, anasanthula zokolola za m'minda ya alimi amene analowa m'ndondomekoyi. Lipoti lawo, limene linayamba kuoneka mu 2016, linati phindu lapakatikati linalipo koma linali locheperapo, ndipo kusiyana pakati pa mlimi ndi mlimi kunali kwakukulu. Kwina kusiyanako kunkafotokozeka ndi kukwera kwa malo, kasamalidwe ka munda ndi feteleza, koma kwambiri sikunafotokozeke. Iwo anati chimenechi ndi chiopsezo kwa mlimi, ndipo olankhula ndi alimi ayenera kunena za chiopsezocho mosabisa.

Sileshi ndi Akinnifesi sanagwirizane nazo. Analemba yankho m'magazini yomweyo, ponena kuti ziwerengero zimene anzawowo anagwiritsa ntchito, komanso momwe anazisanthulira, zinali ndi zofooka zimene zikanakokomeza chiopsezocho. Coe ndi anzake anayankhanso. Mkangano wotere ndi wabwino, ndipo ndi momwe sayansi imadziwongolera. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwiri zinagwira chilungamo china: n'zoona kuti kuyerekeza minda iwiri ya mlimi imene sinasamalidwe mofanana kungasocheretse, komanso n'zoona kuti mlimi salima ku Makoka. Koma chimene ndikufuna muone n'china. Pa kutsutsana konseku, mbali iliyonse inkatchula malipoti a inzake, ndipo nambala za onse zinkakwera. Makina owerengera sadziwa kusiyanitsa wotchula moyamikira ndi wotchula motsutsa.

Zomwezi zinachitika pa ulimi wa mtayakhasu. Mu 2009 Ken Giller wa ku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands ndi anzake atatu analemba lipoti lokayikira kuti ulimi wosagalauza nthaka ndi kuphimbira ungathandize mlimi wamng'ono aliyense mu Africa. Anati mapesi amafunikanso ku ziweto, ntchito yopalira imachuluka pamene palibe mankhwala opha udzu ndipo imagwera amayi, komanso zokolola sizikwera msanga m'zaka zoyamba. Lipotilo latchulidwa kopitirira 1,000, ndi ogwirizana nalo komanso okwiya nalo. Choncho mungapeze katswiri wotchuka wolimbikitsa mtayakhasu ndi katswiri wotchuka woukayikira, onse ndi nambala zazikulu. Nambalayo singakugamulireni.

Tibwerere kwa Sileshi, chifukwa pali malipoti ake awiri amene ndimakonda kuwaika pambali pa linzake. Loyamba ndi la 2014, limene analemba yekha, lofotokoza zolakwika zimene ofufuza amachita powerengera kulemera kwa mitengo ya m'nkhalango. Ndi limodzi mwa malipoti ake otchulidwa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu: pa dziko lonse pali ofufuza ambirimbiri amene akuyeza mpweya wosungidwa m'mitengo chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo aliyense amafuna poyambira masamu ake. Lachiwiri ndi la 2012, lotsogoleredwa ndi Philip Stevenson wa ku Britain, mmene munalinso Sileshi ndi Stephen Nyirenda wa kuno kwathu. Iwo anayeza ombwe, amene ena amati mthuthu, wotengedwa m'malo 13 m'Malawi kumene alimi amamubzala ngati mankhwala a tizilombo. Anapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe. Wina ali ndi mphamvu yopha tizilombo, wina alibiretu. Pafupifupi mtengo umodzi pa inayi iliyonse unali wa mtundu wopanda mphamvuwo, ndipo wina mwa iwo unkafalitsidwa m'manazale ndi dzina lolakwika.

Taganizirani mayi amene anasinja masamba, kuwaviika usiku wonse, kupopera nyemba zake, nsabwe n'kumangosewera. Iye anaganiza kuti walakwitsa kasakanizidwe, kapena kuti alangizi ananama. Chonsecho vuto linali mbewu imene anapatsidwa. Kwa mlimi, lipoti la ombwe ndi lofunika kwambiri kuposa la masamu a m'nkhalango, koma pa kaundula wa kutchulidwa lili kumbuyo. Sikuti la masamu ndi lachabe. Kungoti muyezowu umatsata kuchuluka kwa olemba m'gawo limenelo, ndipo olemba za ombwe ndi ochepa. Zinthu zathu zambiri zili m'gulu lomweli: nkhwani, chisoso, mapira a m'chigwa cha Shire, nzama, masuku.

Chitsanzo china chili pakhomo penipeni. Feteleza wa Mbeya, wosakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono wa kusitolo n'kusunga m'thumba masabata atatu, wafala m'midzi kuchokera kwa mlimi kupita kwa mlimi mofulumira kuposa njira zambiri zolembedwa m'magazini akuluakulu. Ofufuza akubwera m'mbuyo. Izi sizikutanthauza kuti Mbeya aliyense ndi wabwino, poti kasakanizidwe kamasiyana khomo ndi khomo, ndipo mphamvu ya thumba limodzi la urea sichuluka chifukwa choti mwaligawa m'matumba asanu. Zimene zimawonjezeka ndi za m'ndowe ndi m'madeya. Apa ndi pamene alimi akufunikira ofufuza kwambiri, kuti atiuze muyezo woyenera nthaka iliyonse. Koma wofufuza wachinyamata amene akufuna kukwezedwa amadziwa kuti nkhani ya mpweya wa m'mlengalenga idzatchulidwa ku Europe ndi ku China, pamene ya Mbeya idzatchulidwa ndi anthu owerengeka. Simungamudzudzule kwambiri akasankha yoyambayo.

Muyezowu umalanganso kudekha. Munda wa ku Makoka unafuna zaka zoposa khumi kuti unene zoona zake, chifukwa m'nyengo ziwiri zoyamba gliricidia sapereka phindu looneka. Mitengo imakhala ikukhazikika, ndipo masamba ndi ochepa. Amene akanayesa chaka chimodzi n'kulemba lipoti akanati njirayi ndi yosathandiza. Mu 2012 Sileshi, Legesse Debusho ndi Akinnifesi anagwiritsa ntchito zokolola za zaka zambiri za ku Malawi ndi Zambia kuonetsa kuti m'minda ya gliricidia zokolola sizigwa ndi kukwera kwambiri chaka ndi chaka ngati m'minda ina. Kwa ife amene tinaona ng'amba ya 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, nkhani ya kukhazikika kwa zokolola ndi yaikulu kuposa ya kuchuluka kwake m'chaka chabwino. Koma zotsatira zotere zimafuna munthu wolipira antchito ndi kusunga munda zaka 12, pamene ndalama za kafukufuku kawirikawiri zimabwera za zaka zitatu kapena zisanu.

Akatswiri eni ake akudziwa za vutoli. Mu Disembala 2012 gulu la ofufuza ndi akonzi a magazini linakumana ku San Francisco n'kulemba chikalata chopempha kuti ntchito ya wofufuza iziweruzidwa poona zimene zili m'kati mwake, osati dzina la magazini imene yatulukamo. Mabungwe ambiri anasaina, koma chizolowezi sichikutha msanga. Ngakhale osonkhanitsa mndandanda wa ku Stanford amaika padera nambala ya maulendo amene munthu wadzitchula yekha, chifukwa akudziwa kuti ena amadzikweza motero.

Nanga ngati kutchulidwa sikuyeza phindu la mlimi, mwina chiwerengero cha alimi amene alandira njirayo chingayeze? Nachonso chili ndi msampha wake. Mu 2007 Evelyne Kiptot ndi anzake anafufuza alimi a kuzambwe kwa Kenya amene ankawerengedwa kuti alandira njira yogoneka minda ndi mitengo. Anapeza kuti ambiri ankabzala chifukwa mabungwe ankagula mbewu ya mitengoyo, kapena pofuna ngongole, maphunziro ndi maulendo obwera ndi pulojekiti. Zimenezi zitatha, anasiya. Ife tonse tikudziwa munda wa m'mbali mwa msewu umene umakongola pamene galimoto ya bungwe ikubwera. Umboni weniweni ndi munda umene mitengo idakalimo zaka zitatu pulojekiti itatseka maofesi.

Ndipo zimene zimazula mitengoyo kawirikawiri si za sayansi ya nthaka. Ndi mbuzi zomasulidwa anthu akangokolola, moto wa osaka mbewa, kusowa kwa mbewu, ndi ntchito yosadza mitengo imene imagwa nthawi imodzi ndi kupalira. Ndi munda wobwereka umene mwini wake angaulande mutaukonza, kapena mkamwini amene akuwerengera kawiri asanabzale mtengo pa malo a kuchikazi. Kuvuma kwa Zambia, m'zaka za m'ma 1990, mafumu akuluakulu a Achewa ndi Angoni anachita kukhazikitsa malamulo a ziweto ndi moto pofuna kuteteza minda ya mitengo, ndipo Ajayi ndi Kwesiga atafufuza anapeza kuti kutsatidwa kwa malamulowo kunali kosiyanasiyana. Mfumu imene yakhwimitsa lamulo la mbuzi ingathandize chonde cha mudzi kuposa malipoti khumi, koma dzina lake silidzalowa m'kaundula aliyense.

Njira yolumikiza ofufuza ndi alimi ilipo, ndipo inayambira kuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Sieglinde Snapp akugwira ntchito m'Malawi anakonza kayesedwe kotchedwa mayi ndi ana. Pakati pa mudzi pamakhala munda umodzi waukulu, mayi, mmene njira zonse zimayesedwa moyang'aniridwa ndi ofufuza. Kenako alimi ambiri amatenga njira ziwiri kapena zitatu n'kukaziyesa m'minda yawo, ana, mwa kalimidwe kawo, n'kunena okha zimene zawakomera ndi zimene zawavuta. Kuchokera m'kayesedwe kotere, komanso m'ntchito ya alimi a ku Ekwendeni imene inayamba mu 2000, ndi mmene kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza kunadziwikira kuti alimi, makamaka amayi, amakukonda, chifukwa kumakonza nthaka kukupatsanso ndiwo ndi ndalama chaka chomwecho. Pa muyezo wa chimanga chokha, mitengo ingapambane. Pa muyezo wa mphika, banja lingasankhe nandolo, ndipo silinalakwe.

Ndiye mlendo akabwera ndi dzina la katswiri, musamunyoze, koma musangogwedeza mutu. Safunsa anadya phula. Mufunseni kuti njirayi inayesedwa kuti, pa nthaka yamchenga kapena ya katondo, kumtunda kapena kuchigwa. Mufunseni kuti inayesedwa zaka zingati, ndiponso m'minda ya alimi kapena kumalo ofufuzira okha. Funso lofunika kwambiri ndi ili: pa alimi khumi amene anayesa, ndi angati amene sanapindule, ndipo chinawavuta n'chiyani? Amene akudziwa ntchito yake adzayankha, kapena adzalonjeza kukafunsa. Amene anena kuti onse anapindula, mukhale naye tcheru. Dziwaninso kuti mlangizi wa boma mmodzi amayang'anira mabanja oposa 1,000, ndipo malipoti ambiri ali m'magazini olipira pa intaneti amene iyenso sangawapeze, kotero musamuyese wobisa nzeru.

Chotsatira ndi kudziyesera nokha pa kachigawo kochepa. Patulani mizere khumi kapena makumi awiri pa malo amene nthaka yake ndi yofanana mbali zonse, kutali ndi chulu, msangu kapena khola lakale. Theka mubzale gliricidia, theka musiye monga mumalimira. Mbewu ya chimanga ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana, kupalira tsiku limodzi. Mukakondera mbali imodzi mudzadzinamiza nokha, ndipo mfundo yomweyi ya kuyerekeza minda ndi imene akatswiri aja ankakanganirana. Mbande za gliricidia zimafesedwa m'nazale masabata 6 mpaka 8 mvula isanakhazikike. Powokera, zimaikidwa m'khwawa la pakati pa mizere, kulumpha khwawa limodzi, motalikirana masentimita 90 mtengo ndi mtengo. Mitengo ikatha chaka imadulidwa pa msinkhu wa masentimita 30, kutalika kwa rula ya mwana wasukulu, ndipo masamba ndi nsonga zanthete zimakwiriridwa m'mizere zikadali zaziwisi. Mphukira zimadulidwanso kawiri kapena katatu m'nyengo ya mvula kuti zisaphimbe chimanga. Timitengo totsala ndi nkhuni.

Pokolola, tongolani mbali iliyonse payokha n'kuyeza ndi ndowa imodzi. Lembani m'kope ndowa zimene zatuluka, masiku amene mwagwira ntchito pa mitengoyo, ndi momwe mvula inagwera. Musagamule chaka choyamba kapena chachiwiri, dikirani chachitatu. Ngati m'kalabu yanu anthu khumi achita chimodzimodzi, ena kumtunda ena kudambo, pakutha pa zaka zitatu mudzakhala ndi yankho la funso limene Coe ndi Sileshi ankatsutsana, koma la mudzi wanu.

Pa ombwe, musatenge mbewu pa mtengo uliwonse wa m'mbali mwa njira ngati cholinga ndi mankhwala. Tengani kwa mnansi amene masamba a mitengo yake anaphadi tizilombo, ndipo yambani mwayesa pa mizere iwiri ya nyemba kapena ya masamba musanapopere dimba lonse. Wopanda mphamvu uja musamuzule, amakonzabe nthaka. Madzi otsukira chopopera musawataye mumtsinje kapena pafupi ndi dziwe la nsomba, chifukwa ombwe wamphamvuyo amapha nsomba.